Msuzi wa Anti Kheng

Pinang, 12 Novembala 1995

Okondedwa amake Hilma,

Salaam aleikum. Choyamba ndimve za moyo wanu, wa mwana wathu Hilma, ndi wa mayi ndi miyendo yawo ija. Kunena ine kuno ndili bwino, kungoti mvula yatikwana. Ngalande za mumsewu wathu zasefukira, moti makasitomala akudya atakweza mapazi pamipando.

Kalata yanu yandipeza. Ndawerenga za mbuzi, za denga, za kukwera mtengo kwa feteleza, kenako kumapeto kwenikweni, m'timalemba tating'ono tofuna magalasi, akuti "kachotupa ka kubere kaja kakula pang'ono." Amake Hilma, mbuzi masamba awiri, thupi lanu mzere umodzi? Ndatumiza ndalama kudzera mwa achimwene anu a Mahrup amene akukwera sitima ya pamadzi sabata ino. Zisapite ku denga. Denga lidonthe, muzitchera beseni. Inu mukwere basi mpaka ku chipatala chachikulu ku Mataram, osati kwa asing'anga aja otafuna masamba n'kumalavulira anthu pamphumi.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Ndibwera pa Idi, Mulungu akalola. Idi ikubwerayi igundana ndi chaka chatsopano cha Atchaina, ndiye mzinda wonse udzatseka, ndipo abwana anga Anti Kheng avomera kuti mphika adzaulonda okha.

Ndikudziwa museka. Mumati ndinachoka ku Lombok kudzalera mphika ngati khanda. Sekani, koma ndi mphika womwewo ukumuphunzitsa Hilma. Msuzi wa abakha umenewu anauyamba malemu amuna awo a Anti Kheng dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo chiyambire sunatayidwepo. Timangowonjezera pamwamba: madzi, msuzi wakuda wa soya, shuga wopsereza, adyo, sinamoni, n'kumizamo abakha atsopano. Uyenera kuwira m'mawa ndi madzulo, kaya tikugulitsa kaya sitikugulitsa. Ndi kutentha kwa kunoku, ukangogona tsiku limodzi osawira ndiye kuti wasasa, zaka zonsezo zathera m'ngalande.

Masiku ano sitikupuma. Mzungu wina anatilemba m'buku la alendo, pa zakudya zimene munthu asachoke mumzinda uno asanazilawe. Analemba laksa, supageti wa mumsuzi wowawasa wa nsomba, ndi mpunga wa kokonati wa a Kak Ton, mayi wachimelayu uja benchi lake lagundana ndi lathu, n'kulembanso abakha athu. Tsopano amabwera buku lili m'manja, thukuta lili kamukamu, chala chili pa tsamba. Laksa ija, ndi bwemba wake ndi tsabola, imawatulutsa misozi, koma amamaliza mbale poti buku lanena. Akafika kwa ife, Anti amawauza mawu amodzimodzi: "Msuzi uwu ndi wamkulu kuposa iwe, uupatse ulemu." Mbale akweza mtengo ndi theka la ringgit, ndipo palibe wadandaula kupatula oyendetsa njinga zonyamula anthu.

Dzana mlendo wina anandifunsa ine kuti msuziwu umakoma bwanji. Anayankha ndi Anti. "Uyu? Uyu ndi Msilamu, salawa. Amamva ndi mphuno ngati galu wa apolisi, koma sanaphonyepo." N'zoona, musade nkhawa. Abakha ake sazingidwa mwachisilamu, komanso mumalowa kavinyo, choncho lilime langa silinaukhudzepo. Ndimadya kwa a Kak Ton.

Pitani ku Mataram. Ndanena.

Ndine wanu,
Jumahir


Pinang, 14 Januwale 1996

Amake Hilma,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani mwadzukako bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo uli m'mwamba.

Ndamva zimene adokotala anena. Dzina la matendawo sindililemba, tonse tikulidziwa. Ngati akuti achotse bere, achotse. Ine ndinakwatira inu, sindinakwatire bere. Gulitsani mbuzi zonse kupatula yaikazi ya mawanga ija, zotsalazo ndikwaniritsa ine mwezi ukatha. Hilma apite nawo kumsika. A Mahrup mumawadziwa, amachita manyazi kukangana pa mtengo.

Kuno nako kwagwa zina. Anti Kheng anaterereka kuseri kwa benchi, pamene timatsukira mbale paja, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ali m'chipatala. Ndinapita kukawaona pamodzi ndi a Kak Ton, ndipo tinawapeza achepa pabedi ngati mwana wasukulu. Moni wathu sanauyankhe.

"Wawiritsa?" ndiwo anali moni wawo.

"Ndawiritsa, Anti."

"Wasefa? Wachotsa mafuta a pamwamba?"

"Zonse ndachita. Inuyo mukupeza bwanji?"

"Ine ndisiye, ndine fupa lakale. Jum, gwira dzanja langa. Unene kuti suusiya uzizire mpaka Kok Leong abwere."

Kok Leong ndi mwana wawo yekhayo, uja amagwira ntchito muofesi ku Singapore. A Kak Ton analowererapo. "Aa, inunso Anti, munthuyu mkazi wake akudwala. Msuziwo sungathiridwe m'zigubu n'kuikidwa mufiriji, muja a Ooi amasungira aisi?" A Ooi ndi eni shopu ya khofi imene mabenchi athu ali pakhonde pake.

Mukanaona mmene nkhalamba ija inadzukira, fupa lothyoka kuliiwaliratu. "Firiji? Mufiriji amaika mitembo, Ton. Amuna anga anafera pambali pa mphika umenewu moto uli lawilawi, ndipo tsiku la maliro awo ndinauwiritsa ndisanapite kumanda. Iwe laksa yako umaphika lero n'kutaya lero, ungadziwe chiyani?"

A Kak Ton anangoti, "Chabwino mayi, gonani, mungathyole linanso."

Ndinagwira dzanja lija, amake Hilma. Mundimvetse. Ndi mayi yemweyu ananditola nditathawa ku esiteti ya kanjedza ndilibe pepala lililonse, nandikonzera chilolezo ndi ndalama zake. Pasipoti sanandilandepo ngati amachitira mabwana ena, ili m'chikwama changa. Munthu wotere ukamukana ali chigonere, mawa uswali ndi nkhope yanji? Komanso benchi likatseka malipiro atseka, ndiye opaleshoni tilipira ndi chiyani?

Kok Leong wati afika pa chaka chatsopano. Akangofika ndimusonyeza kasamalidwe kake, ine n'kunyamuka. Swala ya Idi ndikhoza kuiphonya, koma makeke a Idi ndidzawapeza, mundisungire. Ramadhani ino musasale. Mulungu sakakamiza wodwala, ndipo mukamva wina akunena, mumuuze abwere adzanene kwa ine.

Wanu,
Jumahir


Pinang, 25 Febuluwale 1996

Amake Hilma,

Salaam aleikum, ndi Idi yabwino ngakhale mochedwa. Mundikhululukire zolakwa zanga zonse, zooneka ndi zosaoneka. Chaka chino mawu amenewa sindikungonena poti ndi mwambo. Muli bwanji ndi bala? Ine ndilipo.

Ndathokoza Mulungu kuti opaleshoni yayenda. Ndamva kuti pepala la kuchipatala anasaina a Mahrup, poti mwamuna kunalibe. Mawu amenewo andilasa, ndipo sindikukana kuti ndi oona.

Kok Leong anabwera ndithu. Anaona mayi ake, anayatsa lubani kwa makolo awo, anandipatsa kaenvelopu kofiira, n'kuima patali ndi mphika kuopa kudetsa malaya.

"Achimwene a Jum, mwagwira ntchito," anatero. "Ingopiriraniko mpaka Malichi, ndipeze munthu."

"Bwana, mkazi wanga amuchita opaleshoni."

"Pepani kwambiri. Koma Malichi si kutali."

"Bwerani ndikusonyezeni, si ntchito yovuta. Mukoleza makala, musefa..."

"Ine? Ndili ndi msonkhano Lachinayi."

Ndisanapeze mawu ena anali atakwera kale takisi. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinatsala ndi kaenvelopu kanga m'manja, ndipo zimene zinali m'katimo ndi zimene ndakutumizirani kuti mugulire nsalu zomangira bala.

Tsiku la Idi msewu wonse unali zii. Atchaina kwa makolo awo, Amelayu kumidzi kwawo, mabenchi onse atakutidwa. Ndinachoka kumzikiti ndi malaya oyera aja munandisokera, n'kudzakoleza makala. Kunatulukira azungu awiri ndi buku lawo, atazungulira mzinda wonse osapeza chakudya, ndipo atandiona anasangalala ngati apeza chitsime. Abakha kunalibe, ndinangowathirira msuzi pa mpunga. Anandijambula. Ndiye penapake ku Ulaya kuli chithunzi cha mwamuna wanu atavala za Idi, akukupiza moto wa mphika wa eni. Masana a Kak Ton anatumiza mpunga wokulunga m'masamba ndi nyama ya rendang, imene anaitakasa tsiku lathunthu mpaka kuda. Ndinadya ndekha pabenchi.

Tsopano za mawu anu aja. Mwalemba kuti, "Mupereke moni kwa mkazi mnzanga wa pamakalayo." Ndinaseka, kenako ndinakwiya, ndipo mpaka pano ndikadali wokwiya. Mukuganiza kuti ndimakonda kununkha bakha? Mukuganiza kuti mankhwala mukumwawo akugwa ndi mvula? Mbale iliyonse ndikugulitsayi ndi jakisoni wanu. Panopa ndimadula ndekha, kuthira ndekha, kutsuka ndekha, miyendo mpaka kutupa, ndiye inu mukuti mkazi mnzanga.

Pepani. Ndafuna kung'amba tsambali koma pepala landithera. Nenani zimene mukufuna, muli ndi ufulu. Bola muzinena, ndizidziwa kuti mphamvu zilipo.

Hilma asasiye sukulu chifukwa chodwazika. Mayi ndi azakhali ake azisinthana. Munda wa fodya chaka chino ubwereketseni, palibe woulima.

Ndine wanu yemwe uja,
Jumahir


Pinang, 7 Epulo 1996

Amake Hilma,

Salaam aleikum. Sindifunsa za moyo wanu, poti ndawerenga. Ine ndili bwino. Dzanja lamanzere ndinapsa pang'ono, koma si nkhani.

Kalata yafika, koma zilembo ndi za Hilma. Akuti dzanja lanu latupa, silikugwira cholembera, komanso chotupa china chatuluka kukhwapa. Inu zimenezo simunanene, walemba yekha m'munsi. Musamukalipire, wachita bwino.

Malichi wadutsa, Kok Leong sanabwere. Anaimba foni kwa a Ooi kuti munthu amene anamupeza wakana atamva kuti ntchitoyi ilibe tchuthi. Anti awatulutsa m'chipatala, awaika kunyumba yosungira okalamba. Mutu wayamba kusokonekera. Sabata yatha ananditchula dzina la malemu amuna awo, koma funso lawo lija sanaliiwale.

Pali nkhani ina imene yandikhala pakhosi. Kumsewu wa kumtunda kuli bambo wina dzina lake Cheah, nayenso amagulitsa abakha, koma msuzi wake ndi wa dzana ndipo m'buku la alendo mulibe dzina lake. Iye ndi Anti sapatsana moni chiyambire. Anabwera masana kulibe anthu, nakhala pampando ngati kasitomala, n'kuika botolo patebulo.

"Jum, ndamva za kunyumba. Tikiti ya ndege ikupanga zingati masiku ano?"

Ine ndinapitiriza kupukuta mpeni.

"Chipande chimodzi basi. Undithirire umu, ine ndikayambire mphika wanga. Ndikupatsa ya ndege kupita ndi kubwera, ndi ya adokotala pamwamba. Mphikawu ndizikuwiritsira ine mpaka ubwere. Nkhalamba ija siidzadziwa, panopa siikudziwa ngakhale dzina lake."

"Bambo Cheah, msuziwu si wanga."

"Nanga ndi wa yani? Amene amaudzukira m'mawa ndani? Uja wa ku Singapore?"

Ndinawabwezera botolo lawo. Anaseka, nati akadali pomwe paja ndikasintha maganizo.

A Kak Ton anamva zonse ali pachiwaya chawo cha tsabola. Pondipakulira mpunga madzulo ndi pamene anatsegula pakamwa. "Iwe Jum, ndiwe munthu wabwino koma ndiwe chitsiru. Mapanga awiri avumbwitsa. Msuzi ulibe maliro, mkazi ali nawo."

"Ndiye ndiwiritsireni inuyo, Kak."

"Ukudziwa sindingathe. Anthu akangondiona ndagwira chipande cha Atchaina, palibe Mmelayu adzagulenso mpunga wanga. Koma ine ndikanakhala iwe, ndikanautsekera mufiriji nkhalamba ija isakudziwa."

"Ukafa ali m'manja mwanga?"

"Ukafa, wafa. Idya mpunga ukuzizira."

Ndiuzeni inuyo, amake Hilma, ndikanatenga? Mumandidziwa, sindinazulepo ngakhale chinangwa m'munda wa eni. Koma botolo lija likumandibwerera m'maso ngakhale pa swala.

Apolisi anazungulira kufunsa mapepala, anatenga anthu a kwathu angapo kumsika. Ine anandisiya, ngakhale sanandisiye ulele. Za zimenezo tidzakamba ndikabwera. Ndatumiza ya mankhwala. Mugulenso nsomba, osati kumangomwa phala la mpunga ngati mwana.

Wanu,
Jumahir


Pinang, 5 Meyi 1996

Amake Hilma, mkazi wanga,

Salaam aleikum. Muwathokoze a Mahrup pokunyamulani mpaka ku foni ya ku positi ofesi. Mawu anu ndinawamva, ngakhale anali ochepa ngati akuchokera pansi pa chitsime.

Munati, "Abambo ake Hilma, ndatopa." Ine m'malo moyankha ndinayamba za tikiti, za Kok Leong, za mtengo wa ndege, mpaka ndalama za foni zinatha. Ndakhala ndikudzitukwana kuyambira tsiku limenelo. Zimene ndimafuna kunena ndi izi.

Mukukumbukira tsiku ndinakuthawitsani kwanu monga mwa mwambo wathu, achimwene anu akunamizira kutisaka uku akudziwa njira imene tadzera? Podutsa m'munda wa mpunga nsapato yanu imodzi inatsalira m'matope. Ine ndinafuna kubwerera kukaizula, inu munandikoka malaya n'kunena kuti, "Zotsalira zisiye, tiye." Munafika kwathu ndi nsapato imodzi, mayi anga akuseka mpaka kugwira nthiti. Ine zimenezo ndimazikumbukira tsiku lililonse. Pa zinthu zonse zimene ndachita m'moyo uno, chanzeru ndi chimodzi chokha, kukuthawitsani inu.

Ndamuimbira Kok Leong, ndipo koyamba m'moyo wanga ndakalipira bwana. A Ooi mpaka anasiya kuthira khofi n'kumandiyang'ana. Ndamuuza kuti pa 20 ndikunyamuka, abwere asabwere. Walumbira kuti afika pa 19. Tikiti ndagula kale, ili m'kati mwa pasipoti. Sindikwera sitima, ndikwera ndege ngati bwana, ndiye mudzakonzeke kundigwadira.

Ndikudziwa kuti ndikanatha kunyamuka mawa. Ndikudziwa. Koma malipiro a mwezi uno ndi amene akalipire mankhwala otsatirawo, komanso dzanja lija ndinagwira. Mwapirira zaka, amake Hilma, pirirani masabata awiri okha.

A Kak Ton akukukonzerani tsabola wawo wokazinga ndi tinsomba, akuti amadzutsa mkamwa mwa wodwala. Ine ndakugulirani nsalu ya batiki yobiriwira, ya maluwa aang'ono, osati ija ya maluwa akuluakulu munati ndi ya pa tebulo. Hilma, ukamawerenga kalatayi uziwerenga pang'onopang'ono, ndipo pa nkhani ya nsapato usaseke.

Dikirani. Ndikubwera.

Jumahir


Pinang, 16 Meyi 1996

Hilma mwana wanga,

Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Uli bwanji, mwanawe? Agogo ako akudya?

Uthenga unandipeza Lachiwiri masana. A Ooi anandiitana ku foni, anali amalume ako. Nditabwerera pabenchi ndinapeza mzere wa alendo, basi yathunthu. Ndinadula abakha, ndinathira msuzi, ndinabweza chenji, mpaka munthu womaliza. Mayi wina anandiuza kuti ndimwetulire ajambule. Ndinamwetulira. Sindikudziwa chifukwa chake ndikukuuza zimenezi.

Akuti mayi ako munawaika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga kuyenera. Akuti unawasambitsa ndiwe pamodzi ndi azakhali ako. Ntchito imeneyo inakukulira, mwana wanga, ndipo unaigwira pamene bambo ako kunalibe. Mulungu akulipire, ine ndilibe chokulipira nacho.

Kok Leong ndamuuza. Wapepesa, kenako wati popeza changu chatha, ndidikireko mpaka Juni. Mawu ake ndi amenewo, popeza changu chatha. A Kak Ton akuti nditaye zonse ndizipita, koma ndikanyamuka lero ndikapeza chiyani? Ndipo ndikausiya msuziwu usase tsopano, ndiye kuti mayi ako ndinawasiyira chabe. Ndiupereka m'manja mwa mwini wake uli wamoyo, kuti pakhale chimodzi chimene ndasunga.

Tikiti ndasinthitsa. Ndidzakhalapo pa sadaka ya masiku makumi anayi. Mbuzi ya mawanga ija muisungire tsiku limenelo. Miyala ya pamanda musaike, ndidzaika ndekha. Nsalu yobiriwira ija udzavala iwe.

Kalata yanga ya nsapato ija inafika mayi ako ali moyo? Ngati inafika mochedwa, usandiuze.

Ndine bambo ako,
Jumahir


Pinang, 16 Juni 1996

Hilma,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi agogo ako. Ine ndifika Lachinayi. Kalata ino mwina sindiiponya n'komwe, ndingoitenga m'thumba n'kudzakupatsa, chifukwa zili m'munomu pamaso pako sindingathe kuzinena.

Kok Leong anabwera Lachisanu ndi anthu awiri a kampani ina. Akutsegula malo odyera m'nyumba yaikulu ya masitolo, mozizira bwino, kuti alendo azipeza laksa, mpunga wa kokonati, nyama yootcha pa timitengo, abakha, zonse za m'buku lija pansi pa denga limodzi. Agula dzina la Anti Kheng, chikwangwani ndi mphika. A Kak Ton nawo anawafunsa, koma anawathamangitsa ndi chipande.

Ine ndinati bola, msuzi wapeza kolowera. Ndinayamba kuwafotokozera kawiritsidwe kake, kasefedwe, nthawi yothira shuga. Mmodzi wa iwo, wovala tayi, anandidula.

"Ayi bambo, msuzi tili nawo wathu, umabwera m'zigubu kuchokera kufakitale. Ife tikufuna mphikawu, tikauike pakhomo anthu azijambulitsa. Mutitsukire bwino, uwale."

Ndinayang'ana Kok Leong. "Bwana, nanga msuziwu?"

"Tayani, achimwene. Mlendo angasiyanitse?"

"Mkazi wanga wamwalira ine ndikuwiritsa msuzi umenewu."

Anandiyang'ana modabwa. Osati mwankhanza ayi, Hilma, modabwa zenizeni. "Koma achimwene, bwanji simunangouika mufiriji? Anzanga ku Singapore amatero. Umakhala miyezi, ukausungunula uli bwinobwino. Ine ndimaganiza kuti mukukhalira malipiro. Mukanandifunsa."

A Kak Ton anali pomwepo. Sananene kuti, "Suja ndinakuuza." Anangozimitsa moto wawo n'kupita kuseri, mpunga uli wosagulitsa. Kaya za firijizo n'zoona kaya ayi, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kufunsa munthu.

Ndinaphula mphika, ndinausiya uzizire koyamba chiyambire, kenako ndinaukokera pangalande n'kuukhuthula. Sizinatenge nthawi, madzi a tiyi sakanawira n'komwe. Ngalande inada pang'ono, kenako kunadutsa madzi otsukira makapu a kwa a Ooi. Bambo Cheah anaima tsidya lina la msewu akuonerera, manja ali kumbuyo. Mphika ndinaukwecha ndi mchenga mpaka unawala, monga anafunira.

Dzulo ndinapita kukatsanzika Anti Kheng. Ndinawapeza pa njinga ya olumala, akuyang'ana khoma. Sanandidziwe, koma atamva fungo la malaya anga anatembenuka.

"Wawiritsa?"

"Ndawiritsa, Anti."

"Wachotsa mafuta a pamwamba?"

"Ndachotsa."

Anandisisita dzanja lopsa lija, nati ndine mwana wabwino. Aka n'koyamba kuwanamiza, ndipo sizinandivute.

Uwauze amalume ako kuti asakonze chakudya chondilandirira. Ndikatsika basi ndiyambira kumanda, iwe udzandisonyeze malo. Kuno sindibwereranso. Munda wa fodya tiulanda kwa obwereka aja mvula ikayandikira, sukulu yako ituluka m'menemo.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi usadzawauze agogo ako. Ndisanapendeke mphika uja ndinaviika chala n'kulawa. Ndikudziwa kuti ndi haramu, ndidzayankha ndekha pamaso pa Mulungu. Ndimafuna kudziwa chimene ndinasinthanitsa ndi mayi ako.

Ndi mchere, Hilma. Mchere, kashuga kopserera ndi mafuta a bakha. Ndinalawanso kachiwiri, kuti mwina pali china chimene ndaphonya. Munalibe china.

Ndine bambo ako,
Jumahir